Mpeni Wopinda wa Munthu Wamanzere

Kuntchito amanditchula a Phukusi. Dzina langa lenileni lilipo, koma limangomveka kuchipatala ndi pamene akazi anga akwiya. Ndimagwira ntchito mu ofesi ya katundu pa depoti ya mabasi, kachipinda kopanda windo kuseri kwa kogulitsira matikiti. Muli sikelo, tebulo lopendekeka, mpando umodzi ndi makatoni ofika kudenga. Munthu akafuna kutumiza katundu kwa abale ake kutali koma iye osakwera basi, amabwera kwa ine. Ndimayeza, ndimamanga, ndimamata tepi, kenako ndimalemba dzina la wolandira ndi zilembo zikuluzikulu. Ntchitoyi ndinaiyamba tsitsi lili bii. Pano pamutu pangapa ntchentche ikatera imachita kuterereka.

Ndine wamanzere. Ndili mwana, amayi anga akangondiona nditagwira mpeni ankasiya chilichonse chomwe akuchita.

"Tula pansi," ankatero. "Kagwiridwe kakoko kamandiimitsa mtima."

Sankanama. Ngakhale ine ndikaona wamanzere mnzanga akusenda mbatata ndimayang'ana kumbali. Azichimwene anga ankasema timagalimoto ndi malegeni, ine ntchito yanga inali yogwirira mtengo ndi kuyamikira. Choncho ndinakula ndi chida chimodzi chokha chomwe palibe akanandilanda, mano. Ulusi ndinkadula ndi mano. Paketi ya shuga, mano. Pa unyamata ndinkatsegula nawo mabotolo a zoziziritsa kukhosi kuti atsikana aone. Akazi anga anandiona koyamba ndikuchita zimenezi pa golosale ina. Mpaka lero amanena kuti anandilola chifukwa cha chisoni, poona kuti munthuyu akasiyidwa yekha adzafika zaka makumi anayi akumwa phala lokhalokha.

Kampani inagulapo sizasi ya mu ofesi yanga, koma inali ya anthu a dzanja lamanja. M'dzanja langa inkangotafuna tepi osadula. Madalaivala anaibwereka tsiku lina, ndipo ikuyendabe ndi mabasi mpaka pano. Ine sindinadandaule. Tepi ndinkang'amba ndi kiyi wa pakhomo, chingwe ndinkaluma, ntchito nkumayenda.

Zinatha tsiku lomwe mayi wina anabwera ndi katoni yomangidwa ndi chingwe cha nailoni. Pansi pake pankadontha mafuta ophikira, ndiye tinagwirizana kuti titsegule tione botolo lomwe lasweka. Mfundo yake inali yolimba ngati anamanga ndi mkwiyo. Ndinawerama nkuluma monga mwa masiku onse, ndipo ndinamva kuti thyo. Chingwe chinali bwinobwino. Mayi uja anayang'ana pa sikelo, natola kachidutswa koyera, nandipatsa ndi manja awiri.

"Pepani bambo, aka ndi kanu."

Ndinathokoza. Sindikudziwa chomwe ndinkathokoza.

Dokotala wa mano anali mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga woyamba. Anandiyang'ana m'kamwa nthawi yaitali, nkufunsa ngati ndimagwira ntchito yoswa miyala. Nditamufotokozera anavula magalasi nkupukuta m'maso. Anamata dzino lija ndi chinthu choyera kuposa mano anzake onse, moti pano ndikaseka anthu amayang'ana dzino limodzilo.

"Bambo, mano ndi odyera," anatero. "Gulani kampeni kopinda, kazikhala m'thumba. Mukadzabweranso ndi nkhani ya chingwe ndidzakuchotsani onse ndikusungireni."

Kunyumba nditafotokoza, akazi anga anapitiriza kusita osadzutsa mutu. Anangoti mawu omwewo akhala akundiuza kuyambira ana ali kumsana, koma poti iwo savala jasi loyera, ndinkawamva ngati wailesi ya anansi.

Kugula mpeni ndi nkhani yoti munthu wabwinobwino amalowa m'sitolo nkutuluka nawo. Ine ndinayamba kaye kufufuza. Mwana wanga wamkazi anandionetsa pofufuzira pa foni, ndipo ndinagwera m'dzenje. Ndinapeza azibambo andevu zambiri ali m'nkhalango, akuwaza nkhuni ndi mipeni, akusema misampha, akumeta ubweya wa pamkono kuonetsa kuthwa. Ndinkawaonera pa nthawi ya nkhomaliro, buledi ali m'manja, mpaka ndinayamba kudziona ngati mmodzi wa iwo amene anangosochera nkupezeka mu ofesi ya katundu. Chibadwire sindinagonepo kutchire. Malo akutchire kwambiri omwe ndinafikako ndi kuseri kwa depoti komwe amataya matayala akutha.

Amene anathira mafuta pamoto ndi alamu anga, achimwene awo a akazi anga. Iwo anapuma ntchito ya uphunzitsi, ndipo dokotala atawauza kuti magazi akuthamanga kwambiri, anasonkhanitsa anzawo a vuto lomwelo nkuyamba kukwera phiri Loweruka lililonse. Anagula nsapato zazikulu, chipewa cha khonde ndi ndodo yachitsulo. Tsiku lina atabwera kudzacheza anandiyang'ana pamimba.

"Alamu, chimimba ichi chikufuna phiri. Mutiperekeze tsiku lina."

Ndinavomera, koma ndinati ndidikire kaye ndipeze mpeni woyenera. Munthu sangapite kuphiri chimanjamanja. Alamu anavomereza ndi mutu ngati ndanena zanzeru, ndipo kuyambira pamenepo mpeni wanga sunalinso wodulira tepi. Unali woti ukandipulumutse ku zinthu zomwe sindinkazidziwa nkomwe.

Mumsewu wa kuseri kwa depoti muli sitolo ya zitsulo, pakati pa ometa tsitsi ndi okonza mafoni. Mwini wake timamutcha Zilipo, chifukwa chilichonse chomwe ungafunse amayankha kuti zilipo, kenako nkuyamba kufunafuna. Mipeni amaisunga m'kabati ya galasi pamodzi ndi maloko ndi matochi. Nditamuuza chomwe ndikufuna anandiyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka kudazi.

"Wogwiritsa ntchito yanji, bwana?"

"Ya tsiku ndi tsiku," ndinatero. "Komanso kutchire. Ndimapitapita kuphiri."

Zilipo anasuntha timipeni ting'onoting'ono tonse nkutulutsa chimpeni chakuda chomwe chinali kumbuyo. Anangochigwedeza ndi chala chachikulu, chinati tcha, nkutseguka chokha. Chinali chachitali ngati chikhatho changa ndi theka, kumsana kwake kuli mano ngati a sowo, pa chogwirira pali chithunzi cha chinyama chomwe sindinachizindikire.

"Uwu sitionetsa aliyense," anatero motsitsa mawu. "Ndi wa amuna odziwa tchire."

Ndinaugwira. Unali wolemera bwino, ndipo ndinamva mapewa anga akutambasuka. Zilipo anaulandira, naupinda mwachangu manja ake ali pansi pa kauntala, nauika m'kabokosi. Sindinafunse funso ngakhale limodzi, poopa kuti angaone kuti tchire sindilidziwa.

Nditabwerera ku ofesi ndinatseka chitseko pang'ono nkuutsegula. Unati tcha, monga m'sitolo muja. Ndinadula nawo mpweya kangapo. Kenako ndinati ndiupinde, koma unakana. Ndinakankha kumsana, ndinafinya chogwirira, ndinadina tizitsulo tonse tomwe ndinkaona, ngakhale diso la chinyama chija. Mpeni unangoti njo. Ndikulimbana nawo choncho, mayi wina anakankha chitseko ali ndi chikwama pamutu. Anaona bambo wadazi, thukuta lili kamukamu, atagwira chimpeni chakuda ndi manja awiri. Anabwerera chambuyo. Posakhalitsa alonda a pa geti anasuzumira.

"A Phukusi, kuli bwino kuno?"

"Kuli bwino. Ndikungoyesa chida."

"Kunyumba kuli mtendere?"

Ndinawatsimikizira kuti mtendere ulipo. Kubwerera kwa Zilipo kukafunsa kapindidwe kake sindikanatha, munthu woti ndimapitapita kuphiri. Kuuika m'thumba uli chotsegula sindikanathanso. Ndiye ndinachita zomwe ndimadziwa. Ndinaukulunga m'katoni, ndinamata tepi mbali zonse, ndinamanga chingwe, nkulembapo dzina langa. Madzulo ndinakwera nalo minibasi phukusilo lili pamiyendo.

Akazi anga analitsegula pa tebulo lodyera. Anautembenuza mpeni uja kamodzi, nakankha kachitsulo kena m'kati mwa chogwirira ndi chala chachikulu, naupinda uku akundifunsa ngati ndakumbukira kugula sopo. Kachitsuloko kanaikidwa moti chala cha dzanja lamanja chimangokapeza chokha. Ine ndi manzere angawa ndinkakakankhira komwe kamatsekera, moti masana onse ndinkathandiza mpeniwo kukana.

"Mukufuna kukapha chiyani?" anafunsa.

"Ndi wa ntchito zosiyanasiyana."

"Ku depoti kwayamba kubwera njati?"

Ndinati ndiwaonetse ubwino wake. Ndinatenga katoni yopanda kanthu, nkuiika pa tebulo, nkudula tepi ndi mphamvu za munthu wakutchire. Mpeni unadula tepi, unadula katoni, unadulanso nsalu ya pa tebulo yomwe akazi anga analuka okha ali ndi pakati pa mwana wachiwiri. Sanakalipe. Anangoipinda nsaluyo mwaulemu nkupita nayo kuchipinda, ndipo kukhala chete kumeneko kunandipweteka kuposa dzino lija.

Ndinauyesabe m'thumba kwa masiku angapo, chifukwa munthu sugonja msanga. Unkakoka thalauzi mbali imodzi moti ndinkayenda ngati ndikutsimphina. Ndikakhala pampando unkandibaya pantchafu. Mapeto ake thumba linabooka, makiyi a ofesi anatsika ndi mwendo nkukagwera mu nsapato ndili pakati pa msewu.

Ulendo wachiwiri kwa Zilipo ndinapita nditavala thalauzi la kuntchito, nditanyamula jumbo momwe munali chidutswa cha katoni, chingwe cha nailoni chonga chomwe chinandithyola dzino, ndi lalanje. Ndinamuuza kuti mpeni uja ndi wabwino kwambiri, koma alamu anga ali nawo kale wotero, ndiye sitinganyamule iwiri yofanana. Anavomera kusintha, poona kuti sunakandike paliponse. Ndinayala katundu wanga pa kauntala nkumupempha atulutse yonse.

Ndinayamba ndi wofiira wonenepa, wokhala ndi zida zambiri m'mimba mwake. Zilipo anati umenewu uli ndi chilichonse, ngakhale chotokosera m'mano. Vuto linali loti chida chilichonse chimatuluka ukachikoka ndi chikhadabo, ndipo zikhadabo zanga ndinazimaliza kalekale ndi mano omwe aja. Ndinakanda, ndinatokosa, mpaka zinayamba kutuluka: kasizasi, kasowo, chotsegulira mabotolo, chomasulira masikulu, ndi kachitsulo kena kopindika komwe Zilipo anati ndi ka ntchito zapadera. Chinthu chija chinatambalala pa kauntala ngati nkhanu. Mpeni weniweniwo sindinaupeze.

Panali wina wa chogwirira cha mtengo, wokongola, woti ukhoza kupita nawo ku ukwati. Koma unalibe loko, ndipo nditakanikiza nsonga pa katoni unayamba kudzipinda wokha kulunjika zala zanga. Ndinaubweza msanga. Wina unali wothwa bwino koma m'mbali munali kale timadontho ta dzimbiri usanatuluke nkomwe m'sitolo. Ndinafunsa kuti mwa yonseyi wosachita dzimbiri ndi uti.

"Yonse," anatero Zilipo.

"Nanga uwu?"

"Uwo ndi mtundu wake."

Makasitomala ankabwera, kugula misomali, kupita, ine ndili pomwepo. Wometa tsitsi wa khomo linalo anabwera kudzaonerera, nkuyamba kupereka maganizo. Mpeni uliwonse ndinkauika m'thumba, kuyenda nawo mpaka pakhomo, kubwerera, kukhala pa chitini cha penti, kudzuka. Zilipo anasiya kumwetulira.

Pakona ya kabati panatsala kamodzi ka chogwirira cha pulasitiki chobiriwira, kosaoneka bwino, konga zoseweretsa ana. Chitsulo chake chinali chachitali ngati chala changa cholozera, chopanda mano, chopanda chithunzi. Chinali ndi kabowo koti chala chachikulu cha dzanja lililonse chikankhirepo potsegula. Loko yake inali kumsana, poonekera, poti ngakhale ine ndinaipeza ndekha. Ndinatsegula ndi manzere, ndinadina, ndinapinda. Ndinabwereza kangapo kuti ndione ngati sikunali kungochita mwayi. Kanadula tepi osalowa m'kati mwa katoni. Kanadula chingwe cha nailoni kamodzi nkamodzi, moti ndinachiyang'ana chingwecho ndi mtima wobwezera. Ndinasenda lalanje nkugawira Zilipo ndi wometa uja. M'thumba sikankamveka nkomwe.

"Ako amagula azimayi a maluwa," anatero Zilipo mokhumudwa.

"Inde," ndinatero. "Ndikugulira mayi a kunyumba."

Kuntchito kampeniko kanandisintha. Katoni yomwe kale ndinkalimbana nayo mpaka nsagwada kuwawa inkatseguka ndisanamalize kupereka moni. Madalaivala anayamba kubwera kudzabwereka, koma ndinali nditaphunzira. Ndinakamangirira ku lamba ndi chingwe, moti wofuna kubwereka ankayenera kubwereka ndi ine ndemwe. Ndinagulanso kamwala konolera, ndipo ndinkanola kawirikawiri kuposa momwe ndinkadulira. Chowiringula cha phiri chinatha.

Loweruka lomwe ndinapita kunali mphepo, ndipo alamu anandibwereka jekete lawo lakale la buluu. Tinakwera galimoto lawo lokhala ndi bokosi kumbuyo mpaka pomwe msewu umathera. Gulu lonse linali la azibambo achikulire, aliyense ndi botolo la madzi ndi nkhani ya mankhwala omwe akumwa. Poyamba ndinkayenda kutsogolo, dzanja lili pathumba, maso ali uku ndi uku kufuna chinthu chodula. Njira inali yoyera bwino. Panalibe ngakhale kanthambi kotchinga.

Titapuma pa thanthwe lina anthu anatulutsa zakudya. Ndinati nthawi yakwana. Wina anatulutsa buledi, ndinasolola mpeni, koma anali woduladula kale. Wina anatulutsa nsomba za m'chitini, chitinicho chinali chokoka ndi chala. Malalanje anasenda ndi zikhadabo ndisanamalize kunena kuti ndithandize. Bambo wina wamtima wabwino, poona nkhope yanga, anandipatsa nthochi kuti ndidule pakati tigawane. Ndinaidula mosamala, ndinapukuta mpeni pa udzu, nkuupinda pang'onopang'ono kuti onse aone.

Kuchoka pamenepo phiri linaimirira. Azibambo odwala aja ankakwera akucheza za mpira, ine wabwinobwino mpweya ukuchita kulira m'khosi. Ndinayamba kumanga zingwe za nsapato pafupipafupi. Kenako ndinayamba kuima nkumayamikira maonekedwe a dziko. Mapeto ake alamu anati ndizibwera pang'onopang'ono, njira ndi imodzi, andidikira pamwamba. Mawu awo anazimirira, ndinatsala ndekha ndi mtima wanga womwe unkagunda m'makutu.

Nditakhala pa mwala ndinamva kulira chapansipansi kuchokera m'tchire kumunsi kwa njira. Maganizo anga oyamba anali othawa, koma miyendo inakana. Kulirako kunabweranso, kofooka, ngati chitseko chosowa mafuta. Ndinatsika pang'ono ndikugwira udzu, ndipo ndinapeza galu. Anali wofiirira, nthiti zikuwerengeka, khutu limodzi logwa. Mwendo wake wakutsogolo unakodwa mu msampha wa chingwe cha nailoni womwe wina anatchera tinyama. Chingwecho chinamangidwa ku kamtengo, ndipo pansi ponse pozungulira panali pofukulidwa. Chinali chitalowa m'mnofu, phazi litatupa.

Agalu ndimawaopa. Ndikamapita kwa munthu woweta galu ndimaima kumsewu nkumuimbira foni. Ndiye ndinaitana alamu, ndinaitananso, kuyankha kunali kwa phiri lokha. Foni inalibe netiweki. Galu uja anandiyang'ana nkuonetsa mano, ine ndinamuonetsa manja kuti aone kuti sindinabwere ndi nkhondo.

"Taona mnzanga," ndinamuuza, "ine sindikufuna, iwenso sukufuna. Koma kuno kulibe wina."

Ndinamasula mpeni ku lamba. Azibambo andevu a pa foni aja akanapita molunjika ku mwendo. Ine ndinazungulira kutali nkudula chingwe ku kamtengo, komwe mano sakanafika. Galu anamasukadi, koma anangodumpha kawiri nkugwa, chifukwa mfundo inali ikadali pa mwendo, yothina monga kale. Ndinali nditangomupatsa ufulu wondiluma.

Ndinavula jekete la alamu. Ndinayandikira chokwawa, ndikulankhula mawu okoma omwe sindinawalankhulepo ngakhale kwa ana anga, nkumuponyera jekete kumutu. Anaphiriphitha, ndinamugonera ndi chimimba chija, ndipo kwa nthawi yoyamba chinagwira ntchito. Fungo lake linali loti maso ankatuluka misozi. Ndi dzanja lamanja ndinagwira mwendo, ndi lamanzere ndinatsegula mpeni ndi chala chimodzi. Pakati pa chingwe ndi khungu panalibe mpata, ndiye ndinalowetsa nsonga chogonetsa, kuthwa kutayang'ana kumwamba, nkumakankha pang'onopang'ono. Pamenepo ndinathokoza kuti nsongayo inali yaing'ono. Chimpeni chakuda chija chikanachotsa mwendo wonse. Galu analira m'kati mwa jekete, ine ndinalira kunja kwake, chingwe chinaduka.

Ndinadumphira kumbuyo nkugwa chagada mu udzu. Galu anatuluka m'jekete, nakhala pansi nkuyamba kunyambita bala osandiyang'ana nkomwe. Nditatola jekete ndinapeza kuti mkono wake umodzi galu wauboola ndi mano, winawo ndinaucheka ndekha ndi mpeni, sindikudziwa nthawi yanji.

Pamwamba sindinafike. Ndinabwerera pa njira nkukhala pa mwala uja mpaka gulu linatsika. Anandipeza ndili ndi udzu m'makutu, jekete lili m'manja, galu atagona chapatali. Ndinafotokoza zonse. Pofotokoza koyamba galuyo anali momwe analili. Pomwe tinkafika pa thanthwe la nthochi lija anali atakula ndithu, ndipo ndikukhulupirira kuti akanapanda kumatitsatira pambuyo aliyense akumuona, pofika pa galimoto akanakhala fisi. Alamu anatembenuza jekete lawo uku ndi uku.

"Alamu, galuyu ndiye anakodwa, kapena jekete?"

Anamuponyera buledi wotsala, galu nameza osatafuna. Kuyambira pamenepo ankatsimphina pambuyo pa alamu, ine wom'pulumutsa osandilabadira. Kumunsi tinafunsa anthu a nyumba zoyandikana ndi phiri ngati akumudziwa. Onse anakana. Titakwera galimoto anaima pakati pa msewu ndi miyendo itatu akutiyang'ana. Alamu analiza injini, nazimitsanso.

"Kwanga kuli amphaka," anatero. "Ndipo mwamumasula ndinu."

Azibambo awiri anamukweza kumbuyo. Ine ndinakhala kutsogolo, galasi nditatseka.

Akazi anga anali pakhonde akusankha nyemba pomwe tinkafika. Anayang'ana ine, anayang'ana jekete la achimwene awo, anayang'ana galu.

"Ameneyu ndi ndani?"

"Ndi mlendo. Akhala masiku ochepa, mwini wake akapezeka azipita."

Analowa m'nyumba nkutuluka ndi madzi ofunda a mchere ndi kansalu. Anagwada, nagwira mwendo uja popanda jekete, popanda kugonera munthu, galu nkungokhala phee akutsukidwa. Lolemba anandituma kwa dokotala wa ziweto kukamubayitsa, ndipo ndinayenda naye msewu wonse chingwe chili chachitali moti anthu ankadutsa pakati pathu.

Mwini wake sanapezeke. Dzina loti Mlendo linakhazikika. Mwendo unapola, ngakhale amaukweza pang'ono kukazizira, ndipo nthiti zija sizionekanso. Alamu anakana kulandira jekete, anati ndilisunge, pano ndi pogona pa Mlendo kuseri kwa khitchini. Kuphiri amandiitanabe. Ndapitako kangapo, ndipo pamwamba ndinafikapo kamodzi, anthu akuyamba kale kutsika.

Mlendo amamvera akazi anga okha. Akamuuza kuti khala amakhala, akamuuza kuti choka amachoka. Ine ndikamuuza kuti khala amandiyang'ana ngati ndamufunsa njira. Madzulo aliwonse ndikamachokera ku depoti amathamangira ku geti nkuuwa kawiri katatu, mchira uli gwa. Akazi anga amati ndi moni wake ameneyo, ndingolowa. Mwina akunena zoona. Komabe ndimaima kaye kunja, chikwama chili pachifuwa, nkugogoda geti mpaka atatuluka kudzamuuza kuti bambowa ndi a pakhomo pano.